Kagalu Katsopano Pakhomo: Kodi Ana Agwire Ntchito Yanji?

M'midzi ya kwa Zulu m'boma la Mchinji, galu ndi mlonda wa khola, nkhokwe ndi dimba. Koma amene amatha naye tsiku lonse ndi ana: amapita naye kubusa, amadya naye mkute, amagudubuzana naye pabwalo. Choncho khalidwe la galu limachokera kwa ana, ndipo ngozi yake imayambiranso pa iwo.

Funso: Kagalu katengedwe kali ndi msinkhu wanji?

Yankho: Kayamwe kwa make mpaka masabata 8. Kolandidwa kadakali kakhanda kamadwaladwala, komanso kamakula koluma mopanda muyeso, chifukwa kusewera ndi abale ake ndiko kumakaphunzitsa kufewetsa mano. Masabata oyambirira kufikira miyezi 3 ndi nthawi imene kagalu kamazolowera anthu, nkhuku, mbuzi ndi ng'ombe popanda mantha. Kuongola mtengo n'poyamba: kagalu kamene kakula kakuona anapiye tsiku ndi tsiku, mwana ali pambali kukaletsa kakafuna kuthamangitsa, sikadzavuta ndi nkhuku za anansi.

Funso: Ana a misinkhu yosiyana agawiridwe bwanji ntchito?

Yankho: Wosakwana zaka 5 asasiyidwe yekha ndi galu, ngakhale wofatsa motani. Ntchito yake n'kuphunzira kusisita pamsana, osakoka mchira kapena makutu. Wa zaka 6 mpaka 9 atha kuthira madzi oyera m'mbale ya kagalu m'mawa uliwonse ndi kukapatsa chakudya wamkulu akuona. Wa zaka 10 kupita m'tsogolo atha kuyala chiguduli pogona pake, kukayang'ana utitiri ndi nkhupakupa, kukwirira chimbudzi chake ndi khasu, ndi kukaphunzitsa kubwera kakaitanidwa. Dzina lisankhidwe ndi anawo, koma likhale limodzi, lalifupi, ndipo banja lonse liziitana lomwelo.

Funso: Kodi galu wosamenyedwa ndi wosamanidwa chakudya angakhale mlonda wabwino?

Yankho: Inde, ndipo ndiye mlonda weniweni. Ambiri timakhulupirira kuti chikoti, njala ndi tsabola zimakulitsa ukali, koma chimene zimakulitsa ndi mantha. Galu wamantha amaluma aliyense womuyandikira, ndipo woyamba kumuyandikira ndi mwana wa pakhomo pomwepo. Wanjala amayendayenda m'midzi kufuna mazira ndi zotsala, mbava n'kulowa m'khola iye ali kwina. Kuuwa mlendo usiku ndi chibadwa cha galu amene akudziwa kuti pano m'pakwawo, sikusowa ndodo.

Funso: Nanga mwana angaphunzitse bwanji kagalu?

Yankho: Atenge kamutu ka usipa m'manja, atchule dzina la kagalu, anene kuti "bwera". Kakafika, akapatse nthawi yomweyo ndi kukasisita. Mphotho ikachedwa, kagalu sikadziwa chimene kachita bwino. Mphindi 5 zokha, kawiri kapena katatu patsiku, n'zokwanira. Kakaluma dzanja posewera, mwana asiye masewerawo ndi kuchokapo. Msangamsanga kamazindikira kuti kuluma kumathetsa chisangalalo. Mwana amene waphunzitsa galu motere amaphunziranso yekha kuleza mtima, ndiponso kuti cholengedwa chimamvera bwino amene chimamukhulupirira.

Funso: Kadye chiyani, popeza nafenso ndiwo n'zovuta?

Yankho: Nsima yokha sikuza kagalu. Phala losakaniza ndi ufa wa soya wophika bwino, usipa kapena bonya wosinja, ndi zotsala za nyama, zikwanira. Kakang'ono kadye katatu kapena kanayi patsiku. Ana adziwe kuti mafupa a nkhuku ophika amasweka n'kubaya matumbo, ndipo anyezi wochuluka amaononga magazi a galu. Mankhwala a makoswe ndi a mbewu asungidwe patali. Tiagalu tambiri timabadwa ndi njoka za m'mimba, ndipo mazira ake amatha kulowa mwa ana kudzera m'dothi, n'chifukwa chake kusamba m'manja ndi sopo pambuyo posewera ndi galu kukhale lamulo losakambirana.

Funso: Ndi ntchito iti imene siyenera kusiyiridwa ana?

Yankho: Katemera wa chiwewe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Kuno kumalire agalu sadziwa chipata cha Mwami. Amadutsa njira zachidule pakati pa Malawi ndi Zambia, ndipo ena amakumana ndi nkhandwe kutchire. Kagalu kabayidwe kakakwana miyezi 3, kenaka chaka chilichonse. Funsani mlangizi wa ziweto za katemerayu ndi za mankhwala a njoka za m'mimba. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 alionse akabayidwa, chiwewe chimasiya kufala m'dera. Pa 28 September dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi matendawa. Mwana aperekeze kholo kokabayitsa, aone, asunge chikalata chake, koma udindo ndi wa kholo.

Funso: Mwana akalumidwa kapena kukalidwa, tichitenji?

Yankho: Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo dziwitsani a zaziweto za galuyo. Musathirepo zitsamba kapena ubweya wootcha. Kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wa zaka 9 ku France, katemera woperekedwa msanga wakhala akuteteza olumidwa. Koma zizindikiro zikayamba, chiwewe sichichizika. Ana ambiri amabisa bala poopa kukalipiridwa. Auzeninso kuti asagwire galu akudya, akugona kapena akuyamwitsa, ndipo galu wachilendo akawadzera, aime chilili, manja pambali, osathawa.

Makolo, itanani ana anu lero, mugawane ntchitozi, ndipo muwalonjeze kuti wonena msanga za kulumidwa sadzakalipiridwa.