Chotupa cha bronchogenic cyst cha m'mimba

Bronchogenic cyst ndi chotupa chonga kathumba chomwe munthu amabadwa nacho. Khoma lake ndi la mnofu wofanana ndi wa njira zopumira, ndipo mkati mwake mumakhala madzi okhuthala ngati makhololo. Zambiri mwa zotupazi zimapezeka m'chifuwa, pafupi ndi pomwe njira ya mpweya imagawikana kulowa m'mapapo awiri. Zochepa kwambiri zimapezeka m'mimba, ndipo izi ndi zomwe zimavuta kuzindikira, poti palibe amayembekezera kupeza mnofu wa njira ya mpweya pafupi ndi impso.

Chiyambi chake

Pakati pa masabata 3 ndi 7 mayi ataima, mwana amakhala ndi kachubu kamodzi komwe kamagawikana pawiri: mbali yakutsogolo imasanduka njira ya mpweya ndi mapapo, yakumbuyo njira ya chakudya. Nthawi zina kamphukira kena kamaduka pa kachubuko n'kukula pakokha. Mu 1985 madokotala a ku Japan, Sumiyoshi ndi anzake, anafotokoza kuti kamphukirako kamatha kutsikira m'mimba mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba usanatsekeke. Kawirikawiri kamakakhazikika kumanzere, kuseri kwa chifu, pamwamba pa impso. Si matenda opatsirana.

Zizindikiro

Anthu ambiri samva kanthu mpaka kukula, ndipo chotupacho chimaoneka mwangozi akamajambulidwa pa vuto lina. Chikakula kapena chikalowa tizilombo, munthu amamva kuwawa cha m'nthiti kumanzere kapena kumsana, mseru, kukhuta msanga ndi kutentha thupi.

Kuchizindikira

Apa ndi pomwe pali ntchito. Wodwala wa ku Chitawira amayambira pa chipatala chaching'ono monga cha Zingwangwa, ngati momwe wa ku Ndirande kapena Bangwe amayambira kwawo. Kumeneko amayamba aganizira matenda odziwika: zilonda za m'mimba, vuto la impso, TB ya m'mimba, kapena kapamba wotupa ndi malungo, yemwenso amakhala kumanzere komweko. Kuganiza motero n'kwanzeru, chifukwa matendawa ndiwo ochuluka. Koma ululu ukapitirira mankhwala atatha, wodwalayo amafunika kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe ambiri amachitchula kuti Gulupu.

Choyamba ndi sikani ya ultrasound, yomwe amajambuliranso amayi oyembekezera. Imaonetsa kuti pali kathumba, koma mpweya wa m'matumbo umatchinga zomwe zili kuseri kwa chifu. CT imaonetsa bwino malo ake ndi kukula kwake, komabe nayo imanamiza. Madzi a m'chotupachi amakhala ndi mapuloteni ambiri, nthawi zina ndi calcium, choncho pa chithunzi chimaoneka ngati mnofu wolimba. MRI ndiyo imasiyanitsa bwino madzi ndi mnofu.

N'chifukwa chake ambiri amalowa mu opaleshoni madokotala akuganiza kuti ndi chotupa cha pancreas, cha khoma la chifu, kapena cha adrenal, kachiwalo kakang'ono kokhala pamwamba pa impso. Kusokonekera kwa adrenal n'kofunika kusamala nako. Chotupa china cha pamenepo, pheochromocytoma, chimakweza kuthamanga kwa magazi moopsa chikakhudzidwa, motero madokotala amayamba ayeza magazi kapena mkodzo asanang'ambe. Kuyeza kwina kwa magazi, kwa CA 19-9, kumatha kukwera ngakhale palibe khansa, zomwe zimaopseza banja pachabe. Kwa ana, madokotala amayamba aonetsetsa kuti si khansa ya impso ya Wilms, neuroblastoma kapena Burkitt lymphoma, yomwe ndi imodzi mwa khansa zofala kwa ana m'Malawi.

Yankho lenileni limachokera ku labotale, chotupa chitachotsedwa. Katswiri amacheka khoma lake mopyapyala n'kuliunika pa maikulosikopu. Akapeza maselo okhala ndi titsitsi ting'onoting'ono ngati a m'njira ya mpweya, tiziwalo topanga makhololo, mnofu wosalala ndi chichereŵechereŵe, ndiye kuti ndi bronchogenic cyst. Chichereŵechereŵecho ndi umboni wamphamvu, chifukwa zotupa zofanana nacho zochokera ku njira ya chakudya sizikhala nacho. Kutunga madzi ndi jakisoni kokha sikukwanira, poti khoma silimatengedwa lonse.

Chithandizo

Madokotala ambiri amalangiza kuchotsa chotupa chonse, ngakhale chisakupweteka, kuti chidziwike bwino komanso chisadzaphulike, kutuluka magazi kapena kuchita mafinya. Kusanduka khansa kumachitika, koma mwa apo ndi apo. Opaleshoni imatheka pong'amba mimba kapena poboola timabowo tolowetsapo kamera. Ku Blantyre ana amachitidwa maopaleshoni akuluakulu ku Mercy James, pa Queen Elizabeth pomwepo, yomwe inatsegulidwa mu 2017. Khoma lonse likachoka munthu amachira bwinobwino. Kachidutswa kakatsalira, kathumbako kamatha kudzazanso.