Mphindi zocepa pa boti, wafika kale ku Mozambique

Kodi unadyapo nsima ya masana ku Zambia, nkumwa 2M yozizira ku Mozambique dzuwa likalibe kulowa? Ku Luangwa Boma izi sizodabwitsa olo pang'ono. Ukaimilira pa doko, Zumbo ili apo cabe tsidya la mtsinje wa Luangwa. Ukaceuka kuyang'ana tsidya la Zambezi, ndi Kanyemba, ku Zimbabwe. Maiko atatu pa diso limodzi!

Kucoka mu Lusaka ugwira Great East Road mpaka pa Luangwa Bridge, ndiye ukhotera kumanja, makilomita pafupi-fupi 90 kutsika na mtsinje. Akulu-akulu akali kuitana malowa Feira, liwu la Ciputukizi lotanthauza msika. Zumbo nayo ni yakale maningi: amalonda a Ciputukizi anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1700, kufuna golide na minyanga ya njovu. David Livingstone atapitapo mu 1856 anapeza mabwinja a calici na belu losweka.

Lelo malonda ni nsomba. Azimai a mu Lusaka amaoloka kukaoda nsomba zouma za ku Cahora Bassa, pamene a ku Zumbo amabwera kugula shuga, saladi na sopo, cifukwa tauni ya Tete ili kutali kuposa Boma. Pa mlatho osawerengera, palibe. Onse ni pa boti ya injini olo bwato bopalasa.

Manje mvera, mwana wa kwathu. Kufupika kwa ulendo kusakunamize. Ni boda yeni-yeni. Yamba wapita ku Immigration udinditse pasipoti, ndipo tsidya lija ucite cimodzimodzi. Ukalowa mozemba, wikendi yako ingathere m'manja mwa apolisi amene ofesi yao ikamba Ciputukizi. Funsilatu nthawi yovalira boda, kuopa kugona pa mcenga.

Cinanso ni madzi. Muli mvuu na ng'ona, ndipo sizisewera. Osatambalika dzanja kunja kwa boti ati upange selfie. Ukaona boti yadzala masaka mpaka madzi afika m'mphepete, isiye ipite, ina izabwera. Pempha life jacket osacita manyazi, makamaka nthawi ya mvula pamene Luangwa ikalipa. Kuoloka usiku, iyai.

Ndalama za kumeneko ni metical, koma nyamulako ma kwacha ang'ono-ang'ono. Cilankhulo cisakuvute: Cikunda na Cinsenga zimveka mbali zonse, ndipo ukaikapo ka “bom dia” azakusekelera. Ngati ulinga nsomba, kumbuka kuti ku Zambia fish ban iyamba pa 1 December mpaka kutha kwa February. Mu October kumapya ngati mbaula, ndiye madzi akumwa na cisote osasiya.

Pobwera ugulireko amai capulana. Ku komboni bazaziba kuti unapitadi kunja.