Mkate Woyenda Nawo pa Ulendo

Ana inu, tayerekezani kuti amayi akuuzani kuti mawa m'mamawa banja lonse likwera ndege, ndipo aliyense atenge chikwama chimodzi basi. Mungalongedzemo chiyani? Zovala, nsapato, mswachi, mwinanso mpira. Koma m'mwezi wa Epulo 2024, mabanja ena a Ayuda amene ankachoka ku Israel ankayamba kulongedza katoni ya mkate wouma, wopyapyala ngati bisiketi, wosachedwa kuphwanyika. Dzina lake ndi matzah.

Ankapita kukadyera kunja chikondwerero cha Paskha, chimene iwo amachitcha Pesach. Nyengo imeneyi sukulu za ku Israel zimakhala patchuthi, choncho pabwalo la ndege la Ben Gurion pamadzaza anthu opita ku Greece, ku Cyprus ndi kwina. Ku Cyprus n'kufupi: ndege yochokera ku Tel Aviv imatera ku Larnaca pasanathe n'komwe ola limodzi ndi theka.

Chaka chimenecho ulendo unali wa mtima uli m'mwamba. Nkhondo ya ku Gaza inali itayamba pa 7 Okutobala 2023. Kenako usiku wa pa 13 Epulo, dziko la Iran linatumiza ku Israel mizinga ndi tindege topanda woyendetsa zoposa 300. Zambiri zinawomberedwa zisanafike, komabe ndege zinaletsedwa kuuluka kwa maola angapo, ndipo makampani ambiri akunja anaimitsa maulendo awo. Paskha anali kuyamba madzulo a pa 22 Epulo, patangotsala masiku 9. Makolo ankangoyang'ana pafoni: kodi ndege yathu inyamuka? Nanga pobwerera tidzaipeza? Mwana wa ku Tel Aviv amadziwa kuti sayilini ikalira ali ndi masekondi 90 oti athawire m'chipinda cholimba. Ndikumvetsa chifukwa chake makolo ena ankafunitsitsa kuti ana awo akagone tulo tosadukiza, ngakhale kwa sabata imodzi yokha.

Nanga mkate uja n'ngwachiyani? Apa ndi pamene pagona nkhani. Buku la Eksodo limasimba kuti Aisraeli anali akapolo a Farao ku Egypt, ndipo usiku umene Mose anawatulutsa, anachoka mwaliwiro moti ufa umene anakanda sunapeze nthawi yofufuma. Anaunyamula choncho paphewa. Mpaka lero matzah amapangidwa ndi ufa ndi madzi basi, popanda yisiti kapena soda. Kuchokera pamene madzi akhudza ufa mpaka kulowa mu uvuni, sipayenera kupitirira mphindi 18. Ophika amachita kuthamanga, maso ali pa wotchi! Ndiye mwaona, mkatewu unayambira paulendo wa anthu othawa zoopsa, ndipo m'chikwama ndi kwawo.

Banja likafika kumene likupita, pamakhala kasewero kokoma. Usiku woti mawa lake chikondwerero chiyamba, amasesa ndi kufufuza paliponse kuti pasatsale nyenyeswa ya buledi wofufuma. Ena amabisa dala tizidutswa 10, ndipo ana amatisaka ndi kandulo ndi nthenga. M'chipinda cha hotela tochi imakwanira. Mabanja osunga mwambo kwambiri amanyamulanso miphika ndi mbale zawozawo zimene sizinakhudzepo chotupitsa.

Chakudya cha usiku woyamba chimatchedwa Seder. Pakati pa tebulo pamakhala mbale imene chilichonse choikidwapo chili ndi tanthauzo. Ndiwo zowawa zimene zimatulutsa misozi zimakumbutsa kuwawa kwa ukapolo. Pali madzi a mchere oviikamo masamba. Pali charoset, chosakaniza cha maapozi kapena zipatso zina, mtedza ndi vinyo, chooneka ngati dothi loumbira njerwa koma chotsekemera zedi. Palinso fupa lowotcha ndi dzira. Wamng'ono pa onse ndiye amaimirira n'kufunsa mafunso anayi okhudza zachilendo za usikuwo, ndipo akuluakulu amayankha posimba nkhani yonse. Chidutswa chimodzi cha matzah, afikoman, chimabisidwa, ndipo mwana amene wachipeza amalandira mphatso. Mwambowu sufuna nyumba yapadera. Ku Kathmandu, m'dziko la Nepal, achinyamata a ku Israel oyendayenda amasonkhana chaka ndi chaka mazanamazana kudyera limodzi Seder.

Koma mu 2024 matebulo ambiri, ku Israel ndi kunja komwe, anali ndi mpando umodzi wopanda munthu. Unali wokumbukira anthu oposa 100 amene anagwidwa pa 7 Okutobala ndipo anali adakali ku Gaza. Ndipo pali ana ena amene sindingawaiwale polemba izi. Masiku omwewo anthu oposa miliyoni imodzi a ku Gaza anali atathinana mumzinda wa Rafah, ambiri m'matenti, nyumba zawo zitagumuka, chakudya chikusowa. Iwonso analongedza mwachangu, koma kunalibe ndege yowadikira.

Pali mphindi ina pa Seder imene imandikhudza mtima koposa zonse. Akamatchula miliri 10 imene inagwera anthu a ku Egypt, aliyense amaviika chala m'kapu yake ya vinyo, ana m'madzi a mphesa, n'kudontheza dontho limodzi pambale pa mliri uliwonse. Aphunzitsi ambiri achiyuda amafotokoza kuti kapu yodzaza ndi chizindikiro cha chimwemwe, ndipo chimwemwecho chiyenera kuchepako chifukwa anthu a ku Egypt nawonso anavutika, ngakhale anali adani. Magazi, dontho. Achule, dontho. Dzombe, mdima, mpaka imfa ya ana oyamba kubadwa. Pomaliza, m'mphepete mwa mbale ya mwana aliyense mumakhala timadontho 10 tofiira, ndipo kapu yake siikhalanso yodzaza.