Msasa wa Chete: Njira Yophunzitsira Chimangirizo

Aphunzitsi ambiri amadandaula kuti ana akapatsidwa mutu wa chimangirizo wonena za nyama, onse amalemba zofanana: njovu ndi yaikulu, ili ndi miyendo inayi, imakhala m'tchire. Vuto limeneli silichokera pa galamala ayi. Mwana sangalembe bwino za chinthu chimene sanachiyang'anitsitse. N'chifukwa chake tifuna kufotokoza za msasa wa chete, ndiko kukagona kutchire masiku aŵiri ndi cholinga choona zachilengedwe ndi kuzilemba.

Ife a m'Chigwa cha Shire malo otere sitiwasoŵa. Nkhalango ya Lengwe, m'boma la Chikwawa, inapatulidwa kukhala malo osungirako nyama mu 1928, ndipo inakwezedwa kukhala paki mu 1970. Imatchuka ndi boo, nyama imene ena amaitcha nyala, yomwe m'Malaŵi muno kwawo kwenikweni ndi chigwa chino. Ku Majete, kumene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003, anabwezeretsako zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006 ndi mikango mu 2012. Ku Nsanje kuli nkhalango ya Mwabvi. Wofuna mbalame za m'madzi apite ku dambo la Elephant Marsh, kumene David Livingstone anaona njovu zambirimbiri mu 1859. Lero njovuzo kulibe, koma akakowa, nkhwazi ndi mvuu zilipo.

Nthaŵi yabwino ndi mwezi wa Julaye kapena Ogasiti. Kutentha kumakhala kusanafike poipa, udzu utauma, ndipo madzi akamachepa m'tchire nyama zimasonkhana pa zithaphwi zoŵerengeka. Ku Lengwe kuli tinyumba tobisalamo pafupi ndi malo omwera nyama, ndipo m'menemo ndimo muli kalasi yathu.

Mphunzitsi ayambe wapempha chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, makolo ndi oyang'anira nkhalango. Gulu likhale laling'ono, pakuti ana ochuluka sangakhale chete. Aliyense atenge kope, pensulo, madzi akumwa ndi neti yoteteza ku udzudzu. Pasapezeke woyenda yekha popanda mlonda wa nkhalango.

Phunziro lenileni lili ndi magawo atatu. Poyamba, m'mamaŵa, ana akhale duu kwa theka la ola, makope ali chitsekere. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi zoyamba mwana saona kanthu. Pambuyo pake amayamba kuzindikira kuti nkhanga zimafika pa madzi mondondozana, kuti njiri imagwada pofukula chakudya, ndi kuti boo wamphongo ndi wodera pamene wamkazi ndi wofiirira.

Kachiŵiri, atsegule makope ndi kulemba zimene aona, zimene amva ndi fungo limene lawafika. Mphunzitsi akanize mawu monga "zokongola" ndi "zosangalatsa", chifukwa mwana amabisala m'mawu otere akasoŵa chonena. Amene walemba kuti "mbawala inamwa madzi" afunsidwe: inafika bwanji? Inaima kangati? Makutu ake anali kutani? Mayankho a mafunso ameneŵa ndiwo thupi la chimangirizo.

Kachitatu, madzulo pa moto, aliyense aŵerenge ndime imodzi, anzake anene chiganizo chimene chawaonetsa chinthucho ngati kuti analipo. Zolakwa za kalembedwe zidikire kusukulu. Pamenepa ndi pamenenso timafunsa maina a mbalame ndi mitengo m'Chimang'anja ndi m'Chisena. Mwana wosalankhula m'kalasi kaŵirikaŵiri amakhala ndiye mwini maina ameneŵa, ndipo akaona mphunzitsi akulemba zonena zake, manyazi amamuchoka.

Sukulu yosoŵa ndalama za ulendo isataye mtima. Tsinde la mlambe, gombe la mtsinje kapena dimba dzuŵa lisanatuluke zingathe kugwira ntchito yomweyo, malinga pakhale bata.

Tikumbukirenso kuti ana ambiri a m'midzi yozungulira nkhalangozi amadziŵa nyama ngati mdani wa m'munda kapena ngati ndiwo. Maŵa ndi iwo amene adzasankhe kutchera msampha kapena kuuleka. Choncho tikulangiza inu amene mukuphunzira uphunzitsi kuti muyambe mwayesa nokha: khalani chete theka la ola, lembani ndime imodzi, ndipo muiyerekeze ndi imene mukanalemba muli m'chipinda. Mukatero mudzadziŵa chimene mukupempha kwa ana anu.