KHOSWE WA M'MITENGO AMENE ANATHANDIZA PA NKHONDO YA MALUNGO

Tikatchula khoswe, ambiri timaganiza za mbala ija yoboola matumba ndi kutha chimanga m'nkhokwe. Koma aliponso makoswe ena amene kwawo ndi m'mitengo. Mwezi uno tifotokoza za mmodzi wa iwo, pakuti mbiri ya mankhwala a malungo amene mumalandira kuchipatala ikukhudza kanyama kameneka.

Mtundu wake

Akatswiri a zinyama amaika zamoyo m'mabanja ndi m'mafuko monga momwe ife timadziŵirana ndi ziwongo. Khosweyu ali m'banja lalikulu lotchedwa Muridae, pamodzi ndi khoswe wa m'nyumba ndi kapuku wa m'munda. Bwampini, ngakhale amafanana nawo, ali m'banja lina. Fuko lake ndi Grammomys, dzina limene Oldfield Thomas wa ku London anapereka m'chaka cha 1915. Fukoli lili ndi mitundu yoposa 10, ndipo amene tikunena pano ndi Grammomys surdaster.

Ndi wochepa thupi, wofiirira pamsana ndi woyera kumimba. Mchira wake ndi wautali kuposa thupi lonse, ndipo umamuthandiza kuti asagwe poyenda panthambi.

Kumene amapezeka

Makoswe a fuko limeneli amapezeka mu Africa mokha, kumwera kwa chipululu cha Sahara, kuphatikizapo Malaŵi, Zambia ndi Mozambique. Amakonda nkhalango zoŵirira, makamaka za m'mbali mwa mitsinje, ndi zitsamba zolukana ndi ziyangoyango. Amamanga zisa za udzu ndi masamba pamwamba, kapena kuloŵa m'mphako. Usana amagona; usiku amatuluka kukadya zipatso, njere, mphukira ndi tizirombo. Nchifukwa chake munthu atha kukalamba pafupi ndi nkhalango osamuonapo.

Mmene anathandizira

M'chaka cha 1948, Ignace Vincke ndi Marcel Lips, akatswiri a ku Belgium, anayeza magazi a khosweyu m'chigawo cha Katanga ku Congo, pafupi ndi mzinda umene lero ukutchedwa Lubumbashi. Anapezamo kachirombo ka malungo a makoswe ndipo anakatcha Plasmodium berghei. Kamafalitsidwa ndi udzudzu wa m'nkhalango zomwezo, wotchedwa Anopheles dureni.

Ichi chinali chinthu chachikulu, chifukwa mankhwala atsopano sayamba kuyesedwa pa munthu. Kachiromboka kanatheka kukasunga m'mbeŵa zoŵeta m'nyumba zofufuzira, motero akatswiri anapeza poyesera. M'chaka cha 1971, mayi Tu Youyou wa ku China anayesa mankhwala ochokera ku chitsamba cha Artemisia annua pa mbeŵa zodwala kachirombo komweka, ndipo tizirombo tinatha m'magazi mwake. Kumeneko ndi kumene kunachokera artemisinin, gwero la amodzi mwa mankhwala aŵiri amene ali mu LA. Malaŵi anayamba kupereka LA m'zipatala m'chaka cha 2007.

Katemeranso anadzera njira yomweyi. M'chaka cha 1967, Ruth Nussenzweig ndi anzake ku New York anaonetsa kuti mbeŵa zobayidwa kachiromboka katafooketsedwa zimatetezeka ku malungo. Ntchito imeneyo inatsegula njira ya katemera wa malungo, amene ana a ku Malaŵi anayamba kulandira m'chaka cha 2019.

Zoyenera kukumbukira

Malungo a khosweyu sagwira munthu. Malungo athu amachoka kwa munthu wodwala kupita kwa wina kudzera mwa udzudzu, choncho gonani m'masikito usiku uliwonse, ndipo mwana akatentha thupi fulumirani naye kuchipatala. Makoswe a m'nyumba pitirizani kuwatchera misampha, pakuti utitiri wawo ukhoza kufalitsa mliri. Koma nkhalango za m'mbali mwa mitsinje tisazithe ndi nkhwangwa kapena moto. Nkhalango za ku Katanga zikanatha chisanafike chaka cha 1948, akatswiri aja sakanapeza kanyama koti akayeze.