MATENDA A TIMADONTHO TOYERA AMENE AMATHA NSOMBA ZA M'NYANJA YAMCERE

Ambiri mwa owerenga athu nsomba amaidziwa ili mu mphika, kapena ili pa thandala yauma. Koma m'maiko a m'mbali mwa nyanja yamcere, ndiponso m'mizinda ikuluikulu ya kutali, muli anthu amene amaweta nsomba m'matanki agalasi, osati kuti adye ai, koma kuti azingoziona kukongola kwake. Ku South Africa kuli nyumba zazikulu zoonetseramo nsomba zotere, monga Two Oceans Aquarium ya ku Cape Town imene inatsegulidwa mu 1995, ndi uShaka Marine World ya ku Durban imene inatsegulidwa mu 2004. Anzathu a ku Kenya amagwira tinsomba ta mawangamawanga m'Nyanja ya India nakatigulitsa kunja, monga momwe asodzi ena a ku Mpulungu amacitira ndi tinsomba tokongola ta m'Nyanja ya Tanganyika.

Ulimi umenewu uli ndi mdani wake, ndipo mdaniyo ndi wocepa kotero kuti akakhuta ndi kukula safika ngakhale theka la milimita.

Mwini thanki amadzuka m'mawa napeza nsomba yake imodzi ili ndi timadontho toyera pa zipsepse ndi pathupi, ngati munthu waiwaza mcere wosinja. Nsombayo imadzikhula pa miyala, imakana cakudya, ndipo imapuma mofulumira. Pakapita masiku atatu kapena anai timadontho tija timazimirira. Apa ndi pamene anthu ambiri amanyengeka, cifukwa amati matenda atha okha. Sabata ina ikafika amapeza nsomba zonse za m'thankimo zayera mbuu, ndipo zina zagona kale pansi.

Kacirombo koyambitsa matendawa akatswiri amakachula kuti Cryptocaryon irritans. Kanayamba kulembedwa ku Japan mu 1937, ndipo dzina limeneli anakapatsa ndi mai wina wa sayansi ku London, Eleanor Brown, mu 1951. Sikavutitsa oweta nsomba zokongola okha. Ku China, m'cigawo ca Fujian, kamapha nsomba zodya zimene amaweta m'makola a ukonde m'nyanja.

Munthu aliyense amene anawetapo ng'ombe savutika kumvetsa moyo wa kacirombo aka, pakuti kamatsata njira ya nkhupakupa. Nkhupakupa imayamwa ng'ombe, ikakhuta imagwa m'udzu, imaikira mazira, ndipo ana ake amakwera ng'ombe ina imene ikudya msipu pomwepo. Kacirombo ka nsomba nakonso kamalowa pansi pa khungu, monga limacitira thekenya ku cala, ndipo kamadya m'menemo masiku atatu mpaka asanu ndi awiri. Kakakhuta kamacoka pa nsomba, kawirikawiri kusanace, kamagwera pansi pa thanki ndi kudzikuta ndi cikamba colimba pa mwala kapena pa mcenga. M'cikambamo kamagawikana mpaka kamodzi kaja kasanduka tiana tofika 200. Tianato timatuluka usiku ndi kusambira kufunafuna nsomba. Tikapanda kuipeza pa tsiku limodzi kapena awiri, timafa.

M'nyanja yeniyeni madzi ndi ambiri, nsomba zimayenda kutali, ndipo tiana tocuruka timafa tisanapeze pogwira. M'thanki mulibe kothawira. Nsomba imagona usiku pafupi ndi mwala womwewo umene tizirombo tikutulukamo. Cimene cimapha makamaka si madontho a pakhungu aja, koma tizirombo timene talowa m'ziwalo zopumira za kuseri kwa mutu. Nsomba imabanika ili m'madzi momwemo.

Tsono mfundo yaikulu imene woweta ayenera kuigwira ndi iyi: pamene kacirombo kali pansi pa khungu, mankhwala sakafika, ndipo pamene kali m'cikamba cake, mankhwala ambiri sakalowa. Nthawi yokha yokapha mosavuta ndi pamene kakusambira poyera. Ndiye cifukwa cake kuthira mankhwala tsiku limodzi kuli cabe kutaya ndalama. Ndi cimodzimodzi kutengera ng'ombe ku dibu kamodzi pa caka.

Nchito yoyamba ndi kucotsa nsomba zonse m'thanki yaikulu, zodwala ndi zooneka zamoyo zomwe, ndi kuziika m'thanki ina yopanda mcenga ndi miyala, imene ili ngati cipatala. Anthu ena amacotsa yodwala yokha nasiya zinzake. Kumeneko ndi kulakwa, pakuti nsomba imene inadwalapo nicira imakhala ndi mphamvu yolimbana ndi matendawa kwa miyezi ingapo, koma ikhoza kusunga tizirombo tocepa tosaoneka, ndipo mliri umayambiranso pa iyo.

M'cipatalamo mankhwala odalirika kuyambira kale ndi mkuwa, inde mkuwa womwewu umene dziko lathu limakumba ku Migodi, koma wosungunuka m'madzi. Muyeso wake ndi wocepa zedi, pakati pa mamiligalamu 0.15 ndi 0.20 pa lita imodzi, ndipo uyenera kukhala pomwepo kwa masabata atatu kapena kupitirira. Ukacepa tizirombo sitifa. Ukacuruka pang'ono umapha nsomba zomwe ufuna kupulumutsa. Woweta amapima madziwo tsiku ndi tsiku ndi zipangizo zake. Mkuwa sauthira m'thanki yaikulu ai, cifukwa umapha nkhanu, nkhono ndi makorale, ndiponso miyala ya m'nyanja imauyamwa n'kusokoneza muyeso.

Njira yaciwiri ndi kucepetsa mcere. Madzi a m'nyanja amakhala ndi magalamu 35 a mcere pa lita imodzi. Woweta amathira madzi opanda mcere pang'onopang'ono mpaka muyeso utsike kufika pa magalamu 15 kapena kucepera pang'ono, nausunga comweco masabata atatu kapena anai. Nsomba zambiri zimapirira, koma kacirombo kamalephera kuswana. Pobwezera mcere safulumira, pakuti nsomba imavutika kwambiri mcere ukakwera mwadzidzidzi kusiyana ndi pamene ukutsika. Njirayi siigwira nchito nthawi zonse, cifukwa kwapezeka mitundu ina ya kaciromboka imene imakhala bwino m'madzi a mcere wocepa.

Njira yacitatu ndi yanzeru koposa, ndipo siifuna mankhwala. Katswiri wina wa ku Eilat m'dziko la Israel, Angelo Colorni, anaifotokoza mu 1987. Nsomba amaisamutsa kucoka m'thanki ina kupita m'thanki yoyera ndi youma bwino masiku atatu alionse, kanai konse. Tizirombo timene tagwa pansi timatsala m'thanki yakale tisanaswe, ndipo thankiyo amaitsuka naiumitsa. Pomafika tsiku lakhumi ndi ciwiri nsomba yataya tizirombo tonse m'njira. Kubvuta kwake ndi kwakuti nsomba imatopa ndi kugwidwagwidwa, ndipo woweta akaiwala tsiku limodzi lokha nchito yonse yapita m'madzi.

Nanga thanki yaikulu ija? Imeneyo amaisiya yopanda nsomba ngakhale imodzi, monga momwe msipu wa nkhupakupa umagonekedwera. Tizirombo tikaswa timasowa pogwira ndipo timafa ndi njala. Tambiri timatuluka m'zikamba pasanathe mwezi, koma akatswiri anaonapo tina titakhala masiku 72 tisanatuluke. Pa cifukwa cimeneci oweta osamala amadikira masabata khumi ndi imodzi. Kudikiraku ndiye kumagonjetsa anthu ambiri. Munthu amayang'ana thanki yake yokongola ili yopanda kanthu, mtima umamukana, nabwezeramo nsomba pa sabata lacinai, ndipo matenda amayambanso ngati kale.

Pafupifupi miliri yonse yotere imalowa ndi nsomba yatsopano yogula, kapena ndi mwala, ukonde ndi madzi ocokera m'thanki ina. Oweta odziwa amasunga nsomba yacilendo payokha kwa mwezi wathunthu asanaiphatikize ndi zinzake.

Wina angafunse kuti, ife a kuno kumtunda, kumene kulibe nyanja yamcere, nkhaniyi itikhudza bwanji? Kacirombo ka m'nyanja yamcere sikangakhale m'madzi athu, zimenezo n'zoona. Koma kali ndi mnzake wa m'madzi opanda mcere, wochedwa Ichthyophthirius multifiliis, amene anadziwika kuyambira mu 1876, ndipo amapezeka m'maiwe oweteramo nsomba pa dziko lonse lapansi. Madontho ake ndi omwewo, kuswana kwake n'kofanana, ndipo amakula mphamvu pamene nsomba zathithikana kapena zafooka ndi kuzizira kwa mwezi wa June ndi July. Cosiyana n'cakuti uyu amaopa mcere. Kumene woweta wa kunyanja amacepetsa mcere, mlimi wa kuno amauthira: magalamu atatu mpaka asanu pa lita imodzi, m'thanki kapena m'mgolo mosungira mbeu ya nsomba. Matendawa sagwira munthu.

Dziwe lalikulu silingathiridwe mcere wokwanira, mtengo wake ungapose nsomba zomwe. Mlimi amene waona madontho oyera pa nsomba zake asagawireko mnansi mbeu ya m'dziwemo, asabwereketse ukonde usanaume bwino pa dzuwa, ndipo adziwitse mlangizi wa za nsomba wa m'dera lake. Akakolola aphwetse dziwelo, alisiye liume mpaka matope ang'ambike, athiremo laimu, ndipo mbeu yatsopano aiyambe waisunga payokha masabata angapo asanaiike m'madzimo.