Mkango wa pa sofa

Bambo anga anali ndi lamulo limodzi pa nkhani ya agalu: galu amagona panja, amadya mkute, ndipo ntchito yake ndi kuuwa usiku. Anakula nalo lamuloli ku Ntchisi, anaphunzitsa nalo sukulu, n'kudzapuma nalo ntchito ku Area 25 mu Lilongwe. Galu aliyense wosuzumira kukhitchini ankangomva kuti, "Tiye uko!"

Ndiye tangoganizani nkhope yawo tsiku limene mchemwali wanga anatulukira ndi katoni ya sopo, m'kati muli kagalu koyera mbee, ubweya uli nyankhalala. Anakatenga ku LSPCA, bungwe losamalira nyama mumzindawu, kali ndi miyezi itatu, katabayidwa kale katemera wa chiwewe. Akuti kali ndi magazi a Maltese, tiagalu timene ngakhale titakula chotani sitikonda kupitirira makilogalamu 4.

Bambo anavala magalasi, nakayang'anitsitsa.

"Iwe mwana, kameneka kangathamangitse mbava? Ngakhale nkhuku ikhoza kukajompha n'kukathawitsa." Kenaka, monyoza, anati, "Chabwino, dzina lake ndi Mkango. Koma m'nyumba muno kasapondemo."

Tonse tinkakanyamula n'kumakasisita, koma iko maso ake anali pa munthu mmodzi yekhayo amene sankakafuna. Kankakhala pakhomo n'kumawaphunzira. Bambo akatenga chipewa ndi ndodo, iko kali kale pageti, podziwa kuti ndi ulendo wokagula nyuzipepala. Akavala jekete yakuda n'kutenga Baibulo, kankangogona pansi osadzivutitsa, chifukwa za kutchalitchi sizikakhudza. Choseketsa kwambiri chinali Flames ikamasewera. Bambo akayamba kutsonya ndi kumenya bondo pafupi ndi wailesi, Mkango ankazemba n'kukabisala kuseri kwa mtondo. Chigoli chikangolowa, uyo, watulukira, akulumpha ngati nayenso wamva wolengeza mpira.

Mayi ankati kagaluka kali ndi mankhwala. Ayi ndithu, ndi chibadwa cha agalu. Mu 2002, Brian Hare ndi anzake anafalitsa m'magazini ya Science zimene anapeza pobisa chakudya m'chimodzi mwa zitini ziwiri n'kuloza ndi chala. Agalu ankapita kumene munthu waloza, kuposa anyani a chimpanzee, kuposanso mimbulu yoleredwa ndi anthu, ndipo ngakhale tiagalu ta milungu yochepa tinkatha. Chaka chotsatira, gulu la Ádám Miklósi ku Budapest linaika chidutswa cha nyama m'bokosi losatseguka. Mimbulu inkangolimbana nalo bokosilo. Agalu ambiri ankayesa pang'ono, n'kutembenuka kumuyang'ana munthu m'maso. Mkango ankachita zomwezo pa kabati imene mayi amasungamo usipa: kuyang'ana kabati, kuyang'ana bambo, kuyang'ananso kabati. Ndani ankadzuka kukatsegula, akung'ung'udza? Yemwe uja wa "Tiye uko".

Koma chimene chinawagwetseratu ndi patapata. Mmawa wina tinapeza patapata wawo wakumanzere atatafunidwa mpaka lamba kuduka. Bambo ananyamula patapatayo m'mwamba, mawu atakwera. Mkango anagwetsa makutu, mchira pakati pa miyendo, nsidze zitakwera, maso ali mwee.

"Taonani abambo, kakuchita manyazi. Kakudziwa kuti kalakwa," anatero mayi.

Apa mayi anapusitsidwa, monga amapusitsidwira eni agalu dziko lonse. Alexandra Horowitz wa ku New York anaonetsa mu 2009 kuti galu amapanga nkhope imeneyi akakalipiridwa, kaya waba chakudya kaya sanabe. Chimene akuwerenga ndi nkhope ndi mawu a mwini wake. Za nsidzezo, mu 2019 Juliane Kaminski ndi anzake anapeza kuti agalu ali ndi kamnofu kokweza nsidze cham'kati, kamene mwa mimbulu n'kongoyerekeza chabe. Kamnofu kameneka ndi kamene kanalimbana ndi mphunzitsi amene ana a Sitandade 8 ankamuopa akangomva nsapato zake pakhonde.

Bambo anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Anakhosomola. "Patapatayu anali atatha kale," anatero.

Basi, lamulo linathera pomwepo. Lero Mkango amagona pa sofa, pamalo penipeni pamene ife ana tinkathamangitsidwa tikakhalapo ndi mapazi afumbi. Ali ndi bulangete lakelake. Usipa wake umagulidwa ndi ndalama ya penshoni, ndipo bambo amaununkhiza kaye pamsika kuti aone ngati ndi wabwino. Munthu amene madokotala analephera kumuyendetsa chifukwa cha BP, tsopano 5 koloko mmawa ali pamsewu, kachingwe kofiira m'manja, akupatsa moni alonda obwera kuntchito. Aliyense woima kuti afunse amauzidwa monyadira kuti, "Ndinakaphunzitsa ndekha kameneka. Paja ine ndine mphunzitsi." Ife timangoyang'anana.

Mwezi wathawu anakana kupita ku ukwati wa mwana wa mlongo wawo ku Mzuzu, ati masiku awiri ndi ambiri, Mkango asowa womumvetsa.

"Abambo inu," anatero mayi, manja m'chiuno, "ine nditagona ndi malungo chaka chija, inu simunapite kumpira?"

Bambo anakwirira nkhope m'nyuzipepala. Mkango anatsika pa sofa, nakakhala kumapazi a mayi, n'kukweza nsidze zija.

"Choka apa iwe, ine sindine bambo ako," anatero mayi, uku akumupatulira chiwindi cha nkhuku chimene chinali cha alendo.